Ndani Anatiuza Kukhala Cete mu Konsati?

Mu 1678, mumzinda wa London munali bambo wina dzina lake Thomas Britton, wogulitsa malasha. M'mawa anali kuzungulila m'misewu thumba lili kumsana, akuitanila ogula, monga mmene acitila anzathu a malasha m'makomboni. Pamwamba pa kanyumba kake kosungilamo malasha, ku dela la Clerkenwell, panali cipinda cacitali koma cofupika denga, cokwelela masitepe a panja. M'cipinda cimeneco, pa Cinayi wiki iliyonse, Britton anali kusonkhanitsa akatswili oliza zoimbila, anthu n'kubwela kudzamvela. Anacita zimenezi kwa zaka pafupifupi 36, mpaka imfa yake mu 1714. Anthu a maina akulu-akulu, ovala zodula, anali kukwela masitepe omwewo pamodzi na anthu wamba, cifukwa nyimbo za pamwamba pa malashapo zinali zokoma.

Britton sanali woyamba. Mu 1672, woliza vayolini wina, John Banister, anatsegula nyumba yake mu London momwemo kuti aliyense wolipila sheleni imodzi alowe. Anthu anali kukhala pa tumatebulo monga mu taveni, akumwa uku akumvela. Apa ni pamodzi mwa pamene panayambila cinthu cimene lelo tichula kuti konsati: kulipila pa khomo kuti umvele nyimbo, popanda kukhala mlendo wa mfumu kapena kupita ku chalichi.

Nayambila pa anthu awiliwa cifukwa ca mantha amene nimaona pakati pathu. Ife a ku Matero, Chawama, Kanyama na Mtendere tikamva za okestra, za Mozart na Beethoven, m'maganizo timaona holo ya mipando yawofuwofu, azungu na apamwamba a kumayadi atakhala duu, palibe wogwedeza olo mutu. Timamvanso kuti m'menemo muli malamulo amene salembedwa pa khomo: osakamba, osakhosomola, osaomba m'manja pamene ena onse ali cete. Ndiye mwayi ukapezeka, kaya sukulu yapatsidwa matikiti, kaya kwaya yaitanidwa kukaimba na oliza zoimbila, kaya munthu wapita kukaphunzila ku Johannesburg kapena ku London, ambili amabwelela pa geti poopa kukacita manyazi.

Ine niona kuti mankhwala a mantha amenewa ni kudziwa mbili. Malamulo a mu konsati sanagwe kumwamba. Lililonse lili na nthawi imene linayamba na anthu amene analifuna. Ena anaikidwa kuti ateteze nyimbo, ndipo amenewa ni ofunika kuwasunga. Ena anaikidwa kuti alonde pa khomo, ndipo amenewa sitifunika kuwaopa.

Pamene holo inali ngati msika

M'zaka za m'ma 1700, ku Italy na ku France, nyumba ya opera inali malo ocezelako. Opera ni sewelo limene nkhani yake yonse imaimbidwa. Mabanja olemela anali na tuzipinda tawo-tawo m'mbali mwa holo, ndipo m'menemo anali kudya, kuchova njuga, kulandila alendo na kukamba za malonda na za zibwenzi, oimba ali mkati moimba. Makandulo anali kuyaka mpaka sewelo kutha, cifukwa anthu anabwela kudzaona anzawo na kudzaonedwa. Woimba wochuka akayamba nyimbo yake, phokoso linali kutsikako. Akatsiliza, linali kukwelanso. La Scala, nyumba ya opera ya ku Milan imene inatsegulidwa mu 1778, inali na malo ake-ake ochovelamo njuga.

Oimba sakanadandaula, cifukwa ambili anali anchito a anthu omwewo. Mu 1761 Joseph Haydn analembedwa nchito pa nyumba ya kalonga wa banja la Esterházy. Pangano lake linati azivala yunifomu, ndipo tsiku lililonse azionekela m'cipinda codikilila kuti amve ngati bwana afuna nyimbo. Mu 1781 Mozart analembela atate ake kalata yodandaula kuti kwa bishopu wamkulu amene anali kumusewenzela, pa tebulo la cakudya anali kumukhazika pamodzi na ophika na osamalila zovala za bwana. Wanchito sauza bwana wake kuti akhale cete.

Komanso opeka nyimbo a nthawiyo sanali kufuna bata la kumanda. Pa 18 June 1778, symphony yatsopano ya Mozart inaimbidwa ku Paris. Symphony ni nyimbo yaitali ya okestra, nthawi zambili yopanda mawu, yogawidwa m'zigawo zitatu kapena zinayi, na kampata pakati pa cigawo cina na cinzake. Mozart anali na zaka 22. M'kalata yopita kwa atate ake anafotokoza kuti pakati pa cigawo coyamba anaikapo malo amene anadziwa kuti adzakondweletsa anthu, ndipo anthu anaombadi m'manja nyimbo ili mkati. Popeza anadziwilatu, malowo anawabwelezanso cakumapeto kuti manja alilenso. Cigawo cothela anaciyamba motsitsa, na mavayolini okha. Anthu anayamba kutontholetsana kuti amve bwino, kenako okestra yonse inalowa mwamphamvu, manja n'kuphulika nawo limodzi. Mozart anakondwela cakuti konsati itatha anapita ku Palais Royal kukadzigulila aisikilimu.

Kwa Beethoven zinali cimodzimodzi. Pa 8 December 1813, mumzinda wa Vienna, symphony yake ya namba 7 inaimbidwa koyamba pa konsati yopezela ndalama asilikali ovulala ku nkhondo. Cigawo caciwili cinawagwila mtima anthu cakuti oimba anacibweleza tsiku lomwelo. Pa 7 May 1824, pamene symphony ya namba 9 inamveka koyamba, anthu anaomba m'manja cigawo caciwili cisanathe. Beethoven anali atagontha kale. Anaima pa siteji atafulatila anthu, osamva ciliconse, mpaka woimba wacitsikana, Caroline Unger, anamutembenuza kuti aone zipewa na mipango zili m'mwamba.

Ku Paris manja anafika posanduka malonda. Ca m'ma 1820 kunayamba magulu olipidwa, ochedwa claque, amene nchito yawo inali kukhala pakati pa omvetsela na kuyambitsa manja. Ena anali oseka pa malo oseketsa, ena olila pa malo omvetsa cisoni, ena ofuula kuti nyimbo ibwelezedwe. Woimba wokana kulipila anali kuimbila holo yozizila, mwinanso kukuwizidwa. M'holo yotele, mayi wa kwathu kuno akanaliza nthungululu, palibe akanaceuka.

Mmene bata linalowela

Bata silinabwele tsiku limodzi. Linatenga zaka zoposa 100, ndipo linalowela pa makomo angapo.

Khomo loyamba linali la ndalama. Pambuyo pa kuukila boma kwa ku France mu 1789 na nkhondo zimene zinatsatila, mabanja ambili acifumu analeka kusunga okestra pa nyumba. M'mizinda munaculuka amalonda, maloya, madokotala na makalaliki, anthu ogula tikiti na ndalama ya m'thumba mwawo. Munthu amene walipila yekha amafuna kumva cimene walipilila. Koma anthu amenewa analinso na cina cofuna kuonetsa: kuti iwo ni aulemu kuposa acifumu amene anali kungoceza, ndiponso kuposa osauka amene anali kufuula mu taveni. Conco kucokela paciyambi, bata linali na nkhope ziwili. Ina inali kuyang'ana ku nyimbo, ina kwa munthu wokhala pa mpando wa pambali.

Khomo laciwili linali nyimbo yeniyeniyo. Symphony ya Beethoven si nyimbo yodyela cakudya. Kamawu kamene wamva poyamba kamabwelanso patapita mphindi 20 kapena 30 katasintha maonekedwe, ndipo ngati unali kuceza, sudzakazindikila. Mu 1828 François Habeneck anayambitsa makonsati a pa Conservatoire ya ku Paris, kumene anthu anaphunzila kumvetsela ma symphony a Beethoven mwakacetecete. Mu 1835 Felix Mendelssohn anakhala mtsogoleli wa okestra ya Gewandhaus ku Leipzig, holo imene inachuka na omvetsela achelu. Mu 1845 John Ella anayambitsa Musical Union ku London, kumene omvetsela anali kupatsidwa mapepala ofotokoza nyimbo na kupemphedwa kukhala cete. Pa nthawi yomweyi makonsati anayamba kudzala na nyimbo za anthu amene anamwalila kale, ndipo ulemu wopatsa akufa unalowa nawo m'holo.

Opeka nyimbo ena anayamba kutseka mipata na manja awo. Mendelssohn analamula kuti symphony yake yochedwa Scottish, imene inamveka koyamba mu 1842, iziimbidwa zigawo zonse zinayi popanda kupumila. Mu concerto yake ya vayolini ya 1845, cigawo coyamba cikatha, coimbila cimodzi cochedwa bassoon cimagwilila liwu limodzi mpaka cigawo caciwili citayamba. Wofuna kuomba m'manja amasowa polowela.

Kenako kunabwela Richard Wagner. Mu 1876 anatsegula nyumba yake ya opera m'tauni yaing'ono ya Bayreuth ku Germany. Okestra anaibisa m'dzenje pansi pa siteji, nyale za kwa omvetsela anazithima, tuzipinda tocezela ta m'mbali sanamange. Munthu analibenso coyang'ana koma siteji. Mu 1882, pa kuonetsedwa koyamba kwa opera yake yochedwa Parsifal, Wagner anauza anthu kuti oimba sadzatuluka kudzawelama pakati pa sewelo. Anthu anamva ngati waletselatu manja, ndipo anakhala zii, mwiniwake n'kuyamba kudabwa ngati sewelo lawakomela. Tsiku lina pambuyo pake, Wagner yemweyo anafuula moyamikila oimba sewelo lili mkati, ndipo omvetsela anamutontholetsa. Lamulo linamukulila mwini wake.

Gustav Mahler, amene anatsogolela nyumba ya opera ya ku Vienna kucokela mu 1897 mpaka 1907, anawonjezela ake. Wocedwa anali kudikila panja mpaka papezeke popumila. Analimbananso na a claque, n'kuuza oimba ake kuti aleke kuwalipila.

Olo n'telo, pofika mu 1900 kuomba m'manja pakati pa zigawo za symphony kunali kukali kozoloweleka m'mizinda yambili. Lamulo limene limationetsa mantha kwambili lelo linakhazikika m'zaka zotsatila. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, Leopold Stokowski, mtsogoleli wa okestra ya ku Philadelphia ku America, anali kupempha omvetsela ake kuti asunge manja mpaka pothela. Wailesi na malekodi zinathandizila, cifukwa anthu anazolowela kumva symphony yonse m'nyumba zawo popanda phokoso la anthu ena. Conco lamulo limeneli ni la zaka pafupifupi 100 cabe. Njanji imene inafika pa Lusaka mu 1905 ni yakale kulipambana. Mozart na Beethoven anamwalila osalidziwa.

Bata limene linali loko

Nkhope yaciwili ija sitingaibise. Malamulo a ulemu amakhala osavuta kuwasandutsa cosefela anthu, ndipo kumene cosefela cinalephela, anaikapo lamulo la khungu poyela. Mu 1939 Marian Anderson, mayi wakuda wa ku America amene anali ataimba kale m'maholo akulu-akulu a ku Ulaya, anakanizidwa kuimba mu Constitution Hall ku Washington cifukwa ca khungu lake. Pa 9 April caka comweco anaimbila panja, pa masitepe a Lincoln Memorial, ndipo anthu pafupifupi 75,000 anabwela. Ku Cape Town, nyumba ya opera ya Nico Malan, imene lelo ichedwa Artscape, inatsegulidwa mu 1971 ya azungu okha-okha, ndipo mitundu ina inaloledwa mu 1975. Kuno kwathu, mu nthawi ya Northern Rhodesia, agogo athu anali kugulila nyama pa kawindo ka kumbali pamene mzungu alowa pa khomo. Mantha amene wacinyamata wa mu komboni amamva pa khomo la holo yaikulu si ake yekha, anawalandila kwa makolo amene anabwezedwapo pa makomo otelo.

Koma mbili yomweyi ionetsa kuti anthu akuda anali m'nyimbozi kalekale. Joseph Bologne, wodziwika kuti Chevalier de Saint-Georges, anabadwila ku Guadeloupe mu 1745 kwa mayi amene anali kapolo. Anakhala katswili wa vayolini, wopeka nyimbo, komanso mtsogoleli wa imodzi mwa maokestra opambana a ku Paris. Mu 1776 dzina lake linachulidwa pa udindo woyang'anila nyumba ya opera ya ku Paris, koma oimba ena acikazi analembela mfumukazi kuti sangalamulidwe na munthu wa khungu lake. Pa 24 May 1803, sonata ya Beethoven imene lelo ichedwa Kreutzer inaimbidwa koyamba ku Vienna: pa piyano panali Beethoven, pa vayolini panali George Bridgetower, mwana wa bambo wakuda.

Analiponso ena amene anayesa kucotsa loko uja. Pa 10 August 1895, Robert Newman na Henry Wood anayambitsa makonsati a Proms mu Queen's Hall ku London. Wolipila sheleni imodzi anali kumvela ali ciimile, ndipo kudya, kumwa na kukoka fodya zinali zololedwa. Cimene anapempha cabe n'cakuti anthu asakhwaye macisa pamene munthu ali kuimba na mawu. Makonsatiwa akalipo caka ciliconse mu Royal Albert Hall, ndipo matikiti ochipa a oimilila pafupi na siteji akali kugulitsidwa.

Kwa anansi athu ku Kinshasa, Armand Diangienda, amene kale anali woyendetsa ndeke, anayambitsa Orchestre Symphonique Kimbanguiste mu 1994. Poyamba anali kubwelekana zoimbila zocepa, ndipo nthambo ya vayolini ikaduka, waya wa mabuleki a njinga unali kulowa m'malo. Ku Diepkloof mu Soweto, Buskaid yakhala ikuphunzitsa ana a mu komboni vayolini kuyambila mu 1997, ndipo pa makonsati awo amaliza nyimbo zakale za ku Ulaya, kenako kwela, uku akuvina. Pretty Yende wa ku Piet Retief anamva opera koyamba ali na zaka 16, pa kusatsa malonda kwa British Airways pa TV. Pa 6 May 2023 anaimba mu Westminster Abbey pa mwambo wolonga ufumu Charles III.

Ifenso sitili kutali monga tiganizila. Do, re, mi amene aphunzitsi a kwaya amalemba pa bolodi ni njila imene Sarah Glover na John Curwen anakonza ku England m'zaka za m'ma 1800, kuti ana a Sande sukulu na anchito wamba aziwelenga nyimbo. Amishonale anaibweletsa kuno. Enoch Sontonga anaisewenzetsa mu 1897 polemba nyimbo imene maimbidwe ake tinatengela nyimbo ya fuko lathu. Amene anaimbapo alto kapena tenor mu kwaya ya pa chalichi adziwa kale mmene mawu anayi amalukilana. Khutu la symphony ali nalo.

Zimene n'zofunika kusunga

Manje tifike pa funso lakuti: tikiti ili m'manja, nicite bwanji?

Cacikulu cofunika kudziwa ni cimodzi, ndipo zina zonse zicokela pamenepo. Pa konsati ya mtundu uwu nthawi zambili palibe maikolofoni kapena masipika. Pa dansi ya kalindula, mukafuula, masipika amafuula kukuposani. Pano, olo pa siteji pakhale oimba 80, pamafika malo pamene vayolini imodzi imanong'ona, ndipo kunong'onako kufunika kufika kwa munthu wa pa mpando wothela. Pepala la switi likacita khwaya-khwaya, lamuba liwu limene analipilila. Pa nthano, wosimba akayamba, ife timayankha kuti "tili tonse," ndipo kukhala cete kungakhale kumunyoza. M'holo ya konsati, "tili tonse" wanu ni bata. Oimba amalimva, ndipo amasiyanitsa bata la anthu ochela khutu na la anthu oodzela.

Konzekelani muli kunyumba. Pezani maina a nyimbo zimene zidzaimbidwa, muzifufuze pa YouTube, mumveleko olo kamodzi. Ma bundle amene mudzaononga adzabwezedwa pa tsikulo, cifukwa nyimbo yaitali imakoma ukaimva kaciwili, monga njila imene unadutsamo kale.

Fikani kukali mphindi 20 kapena 30. Lamulo la Mahler likali kugwila nchito m'maholo ambili: mukacedwa, mudzaima panja mpaka nyimbo yoyamba ithe. Konsati imatenga pafupifupi maola awili, na kupumula kwa mphindi 15 kapena 20 pakati. Za ku cimbudzi, za madzi na zoceza ni za nthawi imeneyo.

Foni muithimiletu. Pa 10 January 2012, okestra ya New York Philharmonic inali kuimba cigawo cothela ca symphony ya namba 9 ya Mahler, nyimbo imene imazilala pang'ono-pang'ono monga mpweya wa munthu amene ali kutsilizika. IPhone ya munthu wina wa pa mzele wa kutsogolo inayamba kulila osaleka, mpaka mtsogoleli, Alan Gilbert, anaimitsa okestra yonse. Mwini foni anali ataiika pa silent, koma cimene cinalila ni alamu. Kuwala kwa foni mu mdima nakonso kumasokoneza, ndipo kujambula n'koletsedwa m'maholo ambili.

Pa zovala musavutike mtima. Lamulo lochuka la zovala m'mbili ya makonsati linali lofuna kuti anthu alowe ambili. Pamene Messiah ya Handel inaimbidwa koyamba ku Dublin pa 13 April 1742, azimayi anapemphedwa kubwela popanda zotukumulila madilesi, azibambo popanda malupanga, kuti holo ya anthu 600 ikwane 700. Ndalama zinapita ku zipatala na kukaombola omangidwa cifukwa ca nkhongole. Lelo, kupatula pa zocitika zapadela zimene amalembelatu pa tikiti, covala coyela cimene mungapite naco ku chalichi cikwana, kaya ni citenge, kaya ni jekete ya pa salaula.

Mukakhala pansi, mudzaona oimba alowa-lowa, aliyense akuyesa coimbila cake. Kenako mtsogoleli wa mavayolini amaimilila kapena kulowa yekha, ndipo akalowa yekha anthu amamuombela m'manja. Coimbila cochedwa oboe cimaliza liwu limodzi, ena onse n'kulinganiza zawo na liwulo. Nyimbo ikalibe kuyamba apo. Pothela amalowa kondakita. Uyu si wa pa minibasi, saitanila ndipo satolela ndalama: ni amene amatsogolela okestra na manja kapena kamtengo. Muombeleni m'manja. Akafulatila n'kukweza manja, nkhani zonse zithele pompo.

Za manja pakati pa nyimbo, pepala la pulogilamu ndilo mnzanu. Pansi pa dzina la nyimbo mudzaona mizele itatu kapena inayi ya mawu a Citaliyana: Allegro ni mofulumila, Adagio ni mwapang'ono-pang'ono, Andante ni mwa liwilo la munthu woyenda. Mzele uliwonse ni cigawo. Welengani mipata, ndipo manja muwasungile pothela pa cigawo cotsiliza. Mukasokonezeka, yang'anani kondakita: akatsitsa manja onse n'kutembenukila kwa imwe, yatha. Cenjelani na symphony ya namba 6 ya Tchaikovsky ya mu 1893. Cigawo cake cacitatu cimatha mwamphamvu ngati pothela peni-peni, ndipo mpaka lelo cimapusitsa maholo athunthu ku Ulaya, pamene cigawo cacinayi, cacisoni, cikalibe kuyamba. Ku opera lamulo ni lofewa: woimba akatsiliza nyimbo yake yaikulu, kuomba m'manja n'kololedwa olo sewelo lili mkati. Pa Messiah, m'maiko ambili anthu amaimilila pa kwaya ya Hallelujah. Mukaona aimilila, imililani nawo. Cimene simunamvetse, funsani wolandila alendo pa khomo. Safunsa anadya phula.

Nanga manja akakupulumukani pa malo olakwika? Palibe cimene cawonongeka. Lekani, kondakita adzadikila pang'ono, nyimbo idzapitiliza. Oimba ambili amakondwela, cifukwa manja otelo amawauza kuti m'holo muli munthu watsopano, ndipo holo yopanda anthu atsopano ni holo imene ili kufa. Wina akakuyang'anani na diso lofiila, kumbukilani kuti zimene mwacita ni zimene Mozart anali kuchelela anthu ake mwadala. Imwenso, mukadzazolowela, musadzakhale wa diso lofiila kwa mnzanu wobwela koyamba. Mozart anasiya nyimbo, sanasiye alonda.

Pali bata limodzi limene nipempha kuti mulisunge na mtima wonse. Nyimbo ikatha motsitsa, kondakita nthawi zina amasiya manja ali m'mwamba kwa masekondi angapo liwu lothela litazilala kale. Anthu mahandiledi amakhala osapuma. Musathamangile kukhala woyamba kuomba. Kanthawi kameneko simungakapeze pa foni, ndipo n'kamene anthu amadzukila ulendo kucoka kutali. Manja a kondakita akatsika, nthawi ni yanu. Ombani mpaka zikhato ziwawe, imililani ngati mtima wafuna, fuulani. Oimba adzatuluka na kubwelanso kawili kapena katatu malinga ngati manja akali kulila. Ndipo ngati nthungululu yafika pakhosi, pamenepo ndiye pamalo pake.